Kalata kwa mwana wanga ku London, za mnzake uja ndi akaunti ya kubanki

Mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino kumeneko, iwe, mpongozi wathu ndi kamdzukulu kathu. Kuno ku Ntcheu kwazizira, bondo la mayi ako layambiranso, koma akuyenda. Chimanga tatonola ndipo tathira kale mankhwala. Nyemba sizinachite bwino. Zina za pakhomo tidzakambirana pa foni, lero ndili ndi nkhani imodzi yokha.

Ndamva kuti ndalama zimene gulu la mnzako uja likusonkha zikumadutsira mu akaunti yako. Usandifunse kuti wandiuza ndani, ndipo usakalalatire munthu kunyumba kwakoko, chifukwa wondiuzayo amalankhula akulira. Ndamvanso kuti mashifiti ena ukumawasiya kuti ukakhale pa misonkhano, ndiponso kuti wayamba kutchula zomuperekeza mnzakoyo ku malire a Sudan. Iwe, mwana wako sanayambe n'kukwawa komwe! Mutu wako ukuyenda bwino? Mapepala uli nawowo ukudziwa mmene tinawavutikira. Ng'ombe za agogo ako zija sitinagulitse kuti dzina lako likalembedwe pa ndalama zogulira zinthu zimene iwe sunazione ndi maso.

Ndikudziwa chimene undiyankhe, poti unandiuza kale tsiku lija kuti mnzako akapsa ndevu mzimire. Ndinakuphunzitsa ndine zimenezo, ndipo sindikuzibweza. Za ku Sudan ndimazitsatira pa wailesi, mtima umandipweteka. Achinyamata a kumeneko anachita chinthu chachikulu. Anadzikonza m'makomiti a m'madera mwawo, popanda mtsogoleri mmodzi woti boma limugule kapena kumumanga, mpaka Omar al-Bashir, amene analamula zaka 30, anagwa mu Epulo 2019. Pa 3 Juni chaka chomwecho anthu oposa 100 anaphedwa powabalalitsa pa misasa imene anamanga kunja kwa likulu la asilikali ku Khartoum, koma otsalawo sanabwerere m'mbuyo. Kenako pa 25 Okutobala 2021 akuluakulu a asilikali Burhan ndi Hemedti, awiriwo ali pamodzi, anagwetsa boma la Abdalla Hamdok limene munali anthu wamba. Pa 15 Epulo 2023 awiri omwewo anatembenukirana, ndiye nkhondo ilipoyi. Tsono mnzako akuti achinyamata a m'makomiti aja aime kumbuyo kwa mmodzi mwa awiriwa, alandire mfuti, amuthandize kupambana, ndipo akadzapambana adzabweza boma m'manja mwa anthu. Mawu amenewa unandiuza ndi pakamwa pako ngati ako. Ine ndinangoti zii pa foni paja, iwe n'kumati netiweki yathawa.

Ukukumbukira titabwera ku mwambo wa digiri yako, ndinakuumiriza kuti unditengere ku tchalitchi cha St Mary's chija cha pafupi ndi mlatho wa Putney, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames? Mayi ako ankafuna kumashopu, iwe unkangoyang'ana wotchi. Ine ndinaima pansi pa mawu aja olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu m'kati mwa tchalitchimo, misozi ili lengelenge, poti nkhani imeneyo ndinaifotokozera ana asukulu zaka zambiri osaganiza kuti ndidzapondapo. Unandifunsa kuti kunachitika chiyani pano, ndipo ndisanafike patali basi inabwera. Lero ndikumalizira. Uwerenge yonse, usadumphe monga umachitira ndi mauthenga anga a pa WhatsApp.

Nkhondo yapachiweniweni ya ku England inayamba mu 1642, mfumu Charles I mbali ino, Nyumba ya Malamulo mbali inayo. Mu 1645 aphungu anakonza gulu latsopano la nkhondo, New Model Army, mkulu wake Thomas Fairfax, ndipo wotsogolera okwera pa akavalo anali Oliver Cromwell. Anagonjetsa mfumu. Pofika 1647 aphungu omwe aja anafuna kuwabalalitsa asilikaliwo, ena kuwatumiza ku Ireland, asanawalipire. Okwera pa akavalo anali ndi maariyasi a milungu 43, koma anauzidwa kuti alandire a milungu 8 azipita kwawo. Ife aphunzitsi kuwawa kwa maariyasi timakudziwa. Asilikali wamba anakana. Magulu awo anasankha nthumwi pakati pawo pomwe, anthu opanda udindo, ndipo nthumwizo zinayamba kukhala pa bwalo limodzi ndi akuluakulu a asilikali. Ku London kunali kale anthu amene ankasindikiza timapepala tonena kuti mphamvu ya boma imachokera kwa anthu. Panali John Lilburne, amene anakwapulidwa m'misewu mu 1638 chifukwa chofalitsa mabuku oletsedwa, panalinso Richard Overton ndi William Walwyn. Adani awo ndiwo anawatcha Levellers, powanamizira kuti akufuna kulanda chuma cha eni ake n'kugawana, zimene iwo ankakana kwamtuwagalu. Asilikali osalipidwa aja ndi olemba timapepala aja anagwirana manja, ndipo panatuluka chikalata chimene anachitcha Pangano la Anthu. Ankafuna chisankho zaka ziwiri zilizonse, lamulo limodzi kwa wolemera ndi wosauka, munthu azipembedza mmene mtima wake ukumuuzira, ndipo pasapezeke wogwidwa kuti apite kunkhondo mokakamiza. Mu 1647, mwana wanga! Ife kuno zina mwa zimenezi tinazilawa mu 1994.

Zokambirana za ku Putney zinayambira m'tchalitchi chija pa 28 Okutobala 1647. Tsiku lotsatira Thomas Rainsborough, yemwe anali mkulu wa gulu la asilikali, ananena mawu ali pakhoma aja, kuti munthu wosaukitsitsa mu England ali ndi moyo woti akhale monganso munthu wamkulukulu, ndipo anapitiriza kuti palibe woyenera kumangidwa ndi boma limene iye sanayikepo mawu polikhazikitsa. Henry Ireton, mkamwini wa Cromwell, anayankha kuti ovota akhale okhawo amene ali ndi malo kapena chuma chokhazikika m'dzikomo, chifukwa osauka akavota angadzagwiritse ntchito kuchuluka kwawo kulanda za eni ake. Edward Sexby, mmodzi wa nthumwi za asilikali wamba, anati ngati atayika moyo wawo pachiswe alibe ufulu m'dzikomo, ndiye kuti iwo anali asilikali aganyu chabe. Pa mtsutso wa pakamwa Ireton sanawagonjetse anthu amenewa.

Apa ndi pamene ndikufuna utchere khutu. Pa 8 Novembala Cromwell anachititsa kuti nthumwi zija zibwerere ku magulu awo. Pa 11 Novembala mfumu inathawa ku Hampton Court kumene inkasungidwa. Mdani akangotukula mutu choncho, mkulu wa asilikali amapeza mawu amene palibe angawatsutse: ino si nthawi yokangana, tiyambe tapambana, zanuzo tidzaziona. Nthumwi zinkafuna kuti asilikali onse asonkhane malo amodzi kuti avomereze Pangano lija ndi mfuu imodzi. Akuluakulu anaugawa msonkhanowo patatu, malo osiyana ndi masiku osiyana. Pa 15 Novembala, pa bwalo la Corkbush Field pafupi ndi Ware, magulu awiri anafika osaitanidwa, atatsomeka mapepala a Panganolo pa zipewa zawo. Akuluakulu analowa pakati pawo pa akavalo n'kulamula kuti mapepalawo achotsedwe, ndipo anachotsedwa. Anthu atatu anaweruzidwa pomwepo kuti aphedwe, kenako anawachititsa maere kuti afe mmodzi. Maere anagwera msilikali wamba dzina lake Richard Arnold, ndipo anamuwombera anzake akuona. Otsalawo analonjezedwa kuti za malipiro awo zitsatidwa, n'kusaina kuti azimvera.

Ndikaganiza za maere amenewo ndimaganiza za iwe. Arnold sanalembe chikalatacho. Ku Putney wolankhula sanali iye. Anangokhulupirira, n'kunyamula pepala pa chipewa pomwe aliyense angalione. Ukukumbukira ku sekondale kuja? Unasunga katundu woletsedwa wa anzako mu thiranki yako, wobwezedwa kunyumba unali iwe, eni katunduyo akupitiriza makalasi. Mayi ako anayenda wapansi kukapepesa. Unali ndi mtima womwewu, wosatha kukaniza munthu, ndipo ine mtima umenewo ndimaukonda, koma ukundisowetsa tulo. Tsiku limene a banki kapena apolisi a kumeneko adzafunse za ndalama zopita kudera la nkhondo, sadzafunafuna amene amalankhula bwino pa msonkhano. Adzagogoda pakhomo la mwini akaunti.

Mnzakoyo ndinamuona tsiku lija munatiimbira pa vidiyo muli limodzi. Ndi waulemu, anatipatsa moni m'Chichewa chimene unamuphunzitsa, mayi ako mpaka anaseka. Ndikukhulupirira kuti abale ake avutikadi, ndipo pa zimenezo ndikumumvera chisoni. Koma ndinamufunsa kuti ndalamazo zikafika kumeneko amalandira ndani, ndipo anandifotokozera za ufulu wa anthu nthawi yaitali, wolandirayo osamutchula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nanga iye alibe akaunti? Ngati yake ili ndi vuto, vutolo linabwera bwanji? Unamufunsa? Sunamufunse, ndikukudziwa, unachita manyazi.

Tibwerere ku England. Mu 1648 nkhondo inabukanso, ndipo asilikali omwe aja anasiya za Pangano n'kupita kukamenya, poti mfumu ikanapambana makosi awo onse akanakhala pa chingwe. Sindikuwaimba mlandu. Mu Okutobala chaka chimenecho Rainsborough anaphedwa ku Doncaster ndi anthu a mfumu amene anabwera kudzamugwira, ndipo mwa akuluakulu a asilikali ndiye anali waudindo woposa onse amene anali mbali ya anthu wamba aja. Kumapeto kwa chakacho Ireton anawafunanso a Levellers. Iye ndi anzake ankakonzekera kuthamangitsa aphungu osagwirizana nawo ndi kuizenga mlandu mfumu, ndiye anafunika kuti London ndi asilikali wamba akhale kumbuyo kwawo. Anakhala pansi ndi Lilburne kukonzanso Pangano lija. Pa 6 Disembala asilikali anaima pakhomo la Nyumba ya Malamulo n'kubweza aphungu amene sankawafuna. Pa 20 Januwale 1649 Panganolo, litasinthidwa ndi akuluakulu, linaperekedwa kwa aphungu otsalawo, amene anathokoza n'kuliyika pambali. Pa 30 Januwale mfumu inadulidwa mutu. Kupambana kuja kumene anauzidwa kuti adikire kunafika. Patangotha miyezi iwiri, Lilburne, Overton, Walwyn ndi Thomas Prince anagwidwa n'kukatsekeredwa mu Tower of London. Lilburne analemba yekha kuti ali kunja kwa chitseko anamva Cromwell akumenya tebulo, akuuza anzake kuti anthu awa mukapanda kuwaswa, akuswani ndi iwo.

Amayi mazanamazana anapita ku Nyumba ya Malamulo ndi chikalata chopempha kuti anayiwo amasulidwe. Anauzidwa kuti abwerere akasamale za m'nyumba zawo. Pa 27 Epulo msilikali wachinyamata, Robert Lockyer, wa zaka 23, anawomberedwa pa bwalo la tchalitchi cha St Paul's chifukwa cha kuukira kwa gulu lake. Anthu zikwizikwi anaperekeza maliro ake atavala maliboni obiriwira, chizindikiro cha gulu lawo. London inalira, koma amene anali ndi mizinga sanasunthe.

Za ku Burford ndikufuna uzidziwe bwinobwino. Mu Meyi 1649 magulu ena anakana kupita ku Ireland asanalipidwe ndiponso bwalo lawo la nthumwi lisanabwezeretsedwe. Ananyamuka ku Salisbury kufunafuna anzawo oti agwirizane nawo. Fairfax anawatumizira nthumwi yoti akambirane, ndipo iwo anagona ku Burford akuganiza kuti pamene zokambirana zilipo palibe angawaputire. Usiku wa pa 14 Meyi Fairfax ndi Cromwell anawagwera ali m'tulo. Ena anathawa, koma pafupifupi 340 anatsekeredwa m'tchalitchi cha m'tauniyo. Mmodzi wa iwo, Anthony Sedley, anazokota dzina lake ndi chaka pa mtovu wa m'beseni lobatiziramo, n'kulembapo kuti ndi mkaidi, ndipo zilembozo zilipo mpaka lero. Pa 17 Meyi otsekeredwawo anakwezedwa padenga la tchalitchicho kuti aonerere anzawo atatu, Thompson, Perkins ndi Church, akuwomberedwa m'bwalo la tchalitchi. Patangopita masiku ochepa yunivesite ya Oxford inapatsa Fairfax ndi Cromwell madigiri aulemu, ndipo amalonda olemera a mu London anawakonzera phwando. Zimandiwawa mpaka lero. Mu Seputembala chaka chomwecho gulu la nkhondo lija, limene linkakambirana za ufulu wa munthu wosauka, linapha anthu ochuluka ku Drogheda ku Ireland.

Nkhaniyi ndaisinkhasinkha kwambiri, ndipo sindikuona kuti anthu aja anagonja chifukwa maganizo awo anali olakwika. Maganizo omwewo ndi amene mukukhalira nawo kumeneko lero. Vuto linali loti mphamvu imene ankadalira inali yobwereka. Mfuti zinali m'manja mwa asilikali wamba, inde, koma wolipira msilikaliyo anali wina, woweruza mlandu wake anali wina, wosankha kuti gulu ili lipite kumpoto ilo ku Ireland analinso yemweyo. Munthu amene ali ndi zitatuzi akhoza kukulolani kulankhula mwezi wathunthu. Ndiponso ambiri mwa asilikali aja chimene chinkawapweteka kwenikweni anali malipiro ndi mantha oti adzazengedwa milandu pa zimene anachita kunkhondo. Ndalama zitayamba kubwera, ambiri anakhala pansi. Usawanyoze, anali ndi ana. Kumidzi nako zokolola zinali zitalephera zaka zotsatizana, buledi atakwera mtengo, anthu atatopa ndi kudyetsa asilikali m'nyumba zawo. Mlimi wotere ukamuuza za chisankho cha zaka ziwiri zilizonse, iye amafunsa kuti nkhondoyi itha liti. A Levellers anali amphamvu pakati pa amisiri ndi ophunzira ntchito a mu London, koma kumidzi mizu yawo inali yosazama. Nawonso anali ndi malire awo: pa Pangano lawo lomaliza antchito a m'nyumba ndi olandira zachifundo sanawerengedwe pa ovota, ndipo amayi amene anayenda kukawapempherera ufulu aja sanaganiziridwe n'komwe.

Koma chachikulu n'chakuti nkhondo siilola munthu wachitatu. Ukadzudzula mkulu wa mbali yako amati ukuthandiza mdani, ndipo anthu amakhulupirira, chifukwa mdaniyo alipodi ndipo akupha. Gulu limene moyo wake ndi kukambirana, kusankhana ndi kutsutsana poyera limafuna nthawi ndi bwalo. Nkhondo imafuna munthu mmodzi wolamula ndi ena omvera msanga. Achinyamata a m'makomiti a ku Sudan akangolandira mfuti kwa jenerale, ayamba kuyendera lamulo la jeneraleyo, ndipo amene adzafunse funso adzatchedwa kazitape wa mbali inayo. Ndi zimene ukusonkherazo. Ndikubwereza, ndi zimene ukusonkherazo.

Sindikuyenera kupita ku England kokha kuti ndione zimenezi. Bambo aja a ku Angónia amene ankatithandiza kumunda, amene ankakunyamula paphewa popita kudimba, ukuwakumbukira? Unali wamng'ono. Anawoloka msewu pa nthawi imene dziko lino linalandira anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique. Tsiku lina tikutonola chimanga pakhonde anandiuza kuti dziko lawo litalandira ufulu mu 1975, anthu a m'mudzi mwawo anawasankha kukhala mlembi wa komiti ya m'mudzi. Anati masiku oyambawo ankakumana pansi pa mtengo, amayi ankalankhula pamaso pa amuna, anatsegula sukulu ya kwacha, nkhalamba zinkaphunzira kulemba mayina awo. Nkhondo itafika, a kumtunda sankafunanso kumva zimene mudzi wagwirizana. Ankangofuna mayina: anyamata oti atengedwe, ndi anthu amene akuganiziridwa kuti apatsa chakudya a kutchire. A kutchirewo akalowa m'mudzi ankayamba kufunsa nyumba ya mlembi ndi ya mphunzitsi. Bambo aja anathawa usiku ndi mkazi wawo, poto mmodzi ndi bulangete, buku la komiti atalikwirira m'munda. Ankalankhula zimenezi manja akutonolabe, osandiyang'ana. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, osaina anali Chissano ndi Dhlakama, eni asilikali. Alembi a m'midzi sanaitanidwe.

Kwathu kuno Mulungu anatichitira chifundo. Kalata ya maepiskopi inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, riferendamu inachitika pa 14 Juni 1993, ndipo anthu wamba anali ndi mpata woyenda, kukangana ndi kuvota chifukwa dziko silinali pankhondo. Udzati nanga Bwezani? Inachitika mu Disembala 1993, anthu atavota kale, ndipo asilikali atalanda zida za apayoniya anabwerera ku mabalaki. Mayi ako anaima pa mzere wa riferendamu iwe uli kumsana. Tikanakhala ndi magulu awiri a nkhondo akulimbirana Lilongwe, mzere umenewo sukanakhalapo.

Ku England kuja zinathera pati? Mu Okutobala 1649 Lilburne anazengedwa mlandu woukira boma, oweruza osankhidwa mwa anthu wamba anamupeza wosalakwa, khamu linafuula ndi chimwemwe. Sizinasinthe kanthu. Anadzathamangitsidwa m'dziko, atabwerera anamupezanso wosalakwa mu 1653 koma anamusungabe m'ndende, ndipo anamwalira mu 1657. Cromwell anabalalitsa aphungu pogwiritsa ntchito asilikali mu 1653 n'kukhala wolamula yekha. Mu 1660 mwana wa mfumu yodulidwa mutu ija anabwerera pa mpando. Zimene Rainsborough anapempha, zoti mwamuna aliyense wamkulu avote posayang'ana chuma, zinatheka mu 1918, ndipo amayi anafanana ndi abambo pa voti mu 1928. Sexby uja, chifukwa cha mkwiyo, anafika popangana ndi anthu a mfumu omwe ankamenyana nawo kuti aphe Cromwell, ndipo anafera m'ndende mu 1658.

Pali mmodzi amene sindinamutchule. John Wildman anali pakati pa olankhula mwaluso ku Putney, katswiri pa kuyala mfundo. Zinthu zitayamba kutentha mu 1649 anapatuka, n'kuyamba malonda ogula ndi kugulitsa minda yolandidwa kwa anthu a mfumu, ndipo analemera. Anamangidwapo kangapo m'zaka zotsatira, sindikubisa, koma anakalamba, anapatsidwa udindo woyang'anira mapositi a dziko lonse, ndipo mu 1692 analandira ulemu waufumu. Arnold, Lockyer ndi atatu a ku Burford aja sanaone ukalamba. Sindikudziwa mtima wa mnzako, wodziwa ndi Mulungu. Koma pa awiri inu, wolankhula ndi iye, wonyamula pepala pa chipewa ndiwe.

Mwana wanga, sindikuti uumitse mtima. Unali mwana amene ankabwera kunyumba wopanda juzi chifukwa wapatsa mnzake, ndipo agogo ako ankati ameneyu adzatisunga. Ukutisungadi. Malata a nyumba ino ndi thukuta lako, mankhwala a mayi ako ndiwe, ndipo sitidya osakutchula m'pemphero. Ngati ukufuna kuthandiza anthu a ku Sudan, ambiri mwa achinyamata a m'makomiti aja sanatenge mfuti. Anatsegula makhitchini a m'madera, akuphikira anthu anjala, akusaka mankhwala, akutulutsa ovulala, ndipo akuvutitsidwa ndi mbali zonse ziwiri chifukwa sali a munthu. Amenewo ndiwo asunga chimene chinayamba mu 2019. Funafuna bungwe lolembetsedwa mwalamulo kumeneko limene limafikitsa thandizo kwa iwo, upereke ndalama yako, ya m'thumba mwako, ulandire lisiti. Ukatero ine ndidzakunyadira, ndipo ngati mwezi umenewo ya kuno ichepa, ichepe, sitifa.

Koma za akauntizo zithe sabata ino. Umuuze mnzakoyo pamaso kuti ndalama za gulu zisalowenso mwa iwe. Ngati ukuchita manyazi, unene kuti bambo anga akana, ndisenzetse ine, msana wanga ndi wokhwima. Zimene zinadutsa kale uzilembe zonse, tsiku ndi kuchuluka kwake ndi kumene zinapita, ndipo ukaonane ndi loya wodziwa za mapepala a alendo usanayembekeze kuti akuitane. Usafufute mauthenga a pa foni. Uonetsetse mmene mnzakoyo achitire ukamukaniza. Akakwiya n'kukutchula wamantha kapena wogulitsa anzake, undiuze, chifukwa mawu amenewo ndikuwayembekezera.

Za ulendo wa kumalirewo sindikufuna kumvanso. Pasipoti yako umupatse mkazi wako asunge. Mwana wa eni ake uja tinakamutenga kwawo ndi ulemu, ankhoswe anakhala pansi, ndipo ine sindikufuna kudzasowa chonena pamaso pa makolo ake. Akuchoka ku ntchito n'kudzapeza mwana, mabotolo ndi nyumba yozizira, iwe uli ku msonkhano wokonza dziko la eni. Bwerera ku mashifiti ako. Loweruka ukhale pakhomo, umusambitse mwanayo wekha.

Mayi ako sakudziwa za ulendowo, ndawauza za akaunti zokha, ndipo kuthamanga kwa magazi kwawo ukukudziwa. Ukamaimba Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi uyambe walankhula ndi ine. Ukwati wa msuweni wako ndi mu Okutobala, akufunsa ngati mubwere, ndiye undiyankhenso zimenezo kuti ndidziwe chowauza atsibweni ako. Upereke moni kwa mpongozi wathu, umuuze kuti ufa ndi chambiko chimene anapempha titumiza ndi munthu woyamba kubwera kumeneko.

Ndine,
Bambo ako